Kodi "menfolk" ndiwo madoda?

Tsiku lina ndikuwerenga buku lakale la Chingerezi ndidapeza liwu lakuti "menfolk". Lidapangidwa polumikiza "men", amuna, ndi "folk", liwu lakalekale lotanthauza anthu. Limanena amuna onse a pabanja kapena pamudzi monga gulu, makamaka powasiyanitsa ndi amayi. Lero eni chiyankhulo saliyankhula kawirikawiri. Ukalimva, ndiye kuti munthu akuchita nthabwala kapena akusimba zamakedzana.

Ndidayesa kulimasulira kuti "azibambo", koma mtima sudakhazikike. Yankho ndidakalitola kwathu kwa Khombedza, pamaliro, pomwe agogo ankatuma mwana kuti, "Tenga nsimayi ukapereke kwa madoda ali pamotopo."

Liwu la madoda ndi lobwera. M'Chizulu mwamuna ndi "indoda", akachuluka "amadoda". Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi mu 1835, ndipo pambuyo pake ena a iwo, otsogozedwa ndi Chiwere, adakhazikika kumapiri a Dowa, moyandikana ndi ife a ku Salima. Chingoni chidazilala, ana n'kutenga Chichewa cha amayi awo, koma mawu ena adatsalira. Achewafe tidachotsa malembo oyamba aja, tikumati doda, madoda, monga timanenera dengu, madengu. Amuna opita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka pomwe Dr Banda adaletsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown mu 1974, adakalipezanso liwuli m'Chifanakalo, n'kubwera nalo lili lamoyo.

Koma apa m'pomwe pali kusiyana. "Menfolk" amaphatikiza mwamuna aliyense wa pakhomo. Madoda ayi. Doda ndi munthu wokhwima, wapabanja, yemwe akayankhula pabwalo la amfumu anthu amatchera khutu. Ine ndi digiri yangayi nditasendera kumoto kuja, malume adandiyang'ana n'kuti, "Iwe, kathandize anzako kuwaza nkhuni." Basi, nkhani idathera pomwepo.

Choncho womasulira achenjere. Akalemba madoda, watulutsa anyamata omwe Chingerezi chidawawerengera. Akalemba azibambo, wafika pafupi ndi tanthauzo, koma wataya kafungo kachikale komwe mawu awiri aja ali nako. Ine ndidasankha madoda pomwe nkhani ikukamba za milandu ndi maliro, kwina konse azibambo.

Nanga kwanu liwuli likadamveka? Mukapita kumudzi kafunseni agogo akadali moyo, muzandiuze.