Ufulu Wofanana Posankha Olemba Malamulo Oyendetsera Dziko: Chitsanzo cha Namibia

Nthumwi zolemba malamulo oyendetsera dziko zimayenera kusankhidwa ndi anthu onse, voti ya mlimi ikhale yolemera chimodzimodzi ndi ya mwini chuma. Namibia inatsata mfundoyi pochoka mu ulamuliro wa South Africa.

Mfundo zimene mbali zokhudzidwa zinagwirizana mu 1982 zinapatsa nzika iliyonse yachikulire ufulu wovota, wokopa anthu ndi woima pachisankho, popanda tsankho kapena kuopsezedwa. Zinalamulanso kuti voti iponyedwe mwachinsinsi, osadziwa kulemba ndi kuwerenga athandizidwe, ndiponso kuti malamulowo avomerezedwe ndi magawo awiri mwa atatu a nthumwi.

Chisankho chinachitika kuyambira pa 7 mpaka 11 Novembala 1989, moyang'aniridwa ndi bungwe la United Nations. Mipando 72 inagawidwa molingana ndi mavoti a chipani chilichonse: SWAPO inapeza 41, DTA 21. Popeza pankafunika nthumwi 48, SWAPO sikanatha kulemba malamulowo payokha, choncho zipani zinakambirana pansi pa wapampando Hage Geingob.

Nthumwi zonse zinavomereza malamulowo pa 9 Febuluwale 1990, ndipo Namibia inayamba kudzilamulira pa 21 Malichi chaka chomwecho.