Ntchito zokopa alendo kumidzi ya ku China

Ntchito zokopa alendo kumidzi ya ku China ndi maulendo amene anthu amayenda kukaona malo akumudzi m'dzikolo, kukadya chakudya cha alimi ndi kukagona m'makomo mwawo, pamodzi ndi malonda onse amene abadwa chifukwa cha maulendowa. Ambiri mwa oyenda maulendo otere si alendo ochokera kunja ayi, koma eni dziko okhala m'mizinda ikuluikulu monga Shanghai, Guangzhou ndi Chengdu. Malo odziwika kwambiri ndi midzi yakale ya Xidi ndi Hongcun m'chigawo cha Anhui, minda ya mpunga yosemedwa m'mapiri ku Guangxi ndi ku Yunnan, dera la Yangshuo m'mbali mwa mtsinje wa Li, komanso nyumba zadothi zotchedwa tulou ku Fujian. Zimene alendo amapita kukaona zinamangidwa ndipo zimasamalidwa ndi alimi, choncho nkhani ya amene amadya phindu la ntchitoyi imabuka pafupifupi m'mudzi uliwonse wotchuka.

Chiyambi chake

Kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, alimi a ku China ankalima m'magulu oyendetsedwa ndi boma, ndipo kaundula wa mabanja wotchedwa hukou ankamangirira munthu kumudzi kumene analembedwa. Mu 1978 alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang ku Anhui anagwirizana mwachinsinsi kugawana minda ya gulu lawo kuti banja lililonse lizilima palokha. Boma linavomereza njira imeneyi patapita zaka zochepa, ndipo mabanja anayamba kugulitsa zokolola zotsala ndi kuyambitsa timabizinesi tawo.

Mwa timabizinesi timeneti munatuluka nongjiale, mawu otanthauza chisangalalo cha pakhomo pa mlimi. Mudzi wa Nongke, m'boma lomwe kale linkatchedwa Pixian pafupi ndi Chengdu, ndi umene umatchulidwa kawirikawiri kuti ndiko kunayambira mchitidwewu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anthu a m'mudzimo ankalima maluwa ndi mitengo yokongoletsera pakhomo. Ogula akabwera kuchokera kumzinda ankalandiridwa ndi tiyi ndi chakudya, ndipo m'kupita kwa nthawi ena anayamba kubwera popanda chogula, kungofuna kukhala pabwalo, kudya nkhuku yakumudzi ndi kusewera mahjong tsiku lonse.

Chinakulitsa maulendowa ndi nthawi yopuma. Mu 1995 boma linakhazikitsa lamulo logwira ntchito masiku asanu pa sabata, ndipo mu 1999 linayambitsa tchuthi chachitali cha sabata yathunthu kumayambiriro kwa Okutobala. Chaka cha 2006 chinalengezedwa kukhala chaka choyendera kumidzi. Mu 2011, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dzikolo, okhala m'mizinda anachuluka kuposa okhala kumidzi. Ambiri mwa anthu am'mizindawa anabadwira kumudzi kapena ndi ana a obadwira kumudzi, ndipo m'Chitchaina muli mawu akuti xiangchou, kupukwa kwa munthu wosowa kwawo, amene otsatsa maulendo amawagwiritsa ntchito kwambiri.

Midzi yakale ya Xidi ndi Hongcun

Midzi iwiriyi ili m'boma la Yi, kufupi ndi mapiri a Huangshan, m'dera lomwe kale linkatchedwa Huizhou. Bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2000. Kudera limeneli malo olima ndi ochepa, choncho m'nthawi ya mafumu a Ming ndi Qing amuna ankachoka ali anyamata kukachita malonda a mchere, tiyi ndi matabwa kutali. Chuma chimene ankapeza ankabwera nacho kwawo n'kumangira nyumba za zipupa zoyera ndi madenga a matailosi akuda, masukulu, ndi nyumba zokumbukiriramo makolo. Zipupa zam'mbali zimatalika kupitirira denga ndipo zimatsika ngati makwerero. Cholinga chake chinali kutchinga moto kuti usalumphire kwa anansi, popeza m'kati mwa nyumbazi pafupifupi chilichonse ndi chamatabwa.

Mudzi wa Hongcun unakhazikitsidwa ndi a fuko la Wang mu 1131. Chodziwika nacho kwambiri ndi madzi. Makolo a mudziwu anapatutsa mtsinje n'kuulowetsa m'ngalande zamiyala zomwe zimakhotakhota kudutsa pakhomo pafupifupi pa aliyense. Madziwo amafika padziwe la pakati pa mudzi looneka ngati mwezi wosakwanira, kenako n'kukathira m'nyanja yokumba ya kumwera, yomwe inakumbidwa mu 1607. Eni mudzi amati mudzi wawo uli ngati ng'ombe yogona: phiri ndiye mutu, mitengo iwiri ikuluikulu ndiyo nyanga, dziwe ndilo chifu, ngalande ndiwo matumbo, ndipo milatho inayi ndiyo miyendo. Mwambo unali woti m'mamawa madzi a m'ngalande ndi otunga akumwa, kuchapa kunkabwera dzuwa litakwera. Zigawo zina za filimu ya Crouching Tiger, Hidden Dragon ya mu 2000 zinajambulidwa kumeneku, ndipo masiku ano m'mbali mwa nyanjayi mumakhala ophunzira zojambulajambula ambirimbiri atakhala pa timipando, aliyense ndi pepala lake.

Kuti munthu alowe m'midzi imeneyi amagula tikiti pachipata, ngakhale kuti m'katimo mukukhala anthu. Pamenepa ndi pamene midzi iwiriyi inasiyana njira. Ku Xidi, mudzi wa a fuko la Hu, anthu a m'mudzimo anayambitsa okha ntchitoyi m'zaka za m'ma 1980 ndipo kwa zaka zambiri ankaiyendetsa kudzera m'kampani ya mudzi. Ku Hongcun, akuluakulu a boma la Yi anapereka ntchitoyi kwa kampani ina ya ku Beijing kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pa mgwirizano wa zaka 30. Kampaniyo inatsatsa mudziwo ndipo alendo anachuluka, koma eni nyumba anadandaula kuti gawo lawo la ndalama za matikiti linali lochepa kwambiri pamene zooneredwazo ndi nyumba za makolo awo. Gawolo linadzakwezedwa pambuyo pa mikangano. Nkhani ya midzi iwiriyi imaphunzitsidwa kawirikawiri pofuna kuonetsa kusiyana kwa mudzi wodziyendetsera wokha ndi mudzi wobwereketsa.

Minda yamasitepe

Ku Yuanyang, kumwera kwa Yunnan, anthu a mtundu wa Hani akhala akusema minda ya mpunga m'mapiri a Ailao kwa zaka pafupifupi 1,300. UNESCO inazindikira malowa mu 2013. Kakonzedwe kake ndi ka magawo anayi: pamwamba pa phiri pali nkhalango yomwe imasunga madzi a mvula ndi nkhungu, m'munsi mwake muli mudzi, kenako minda yotsetsereka ngati makwerero, ndipo pansi penipeni pali mtsinje. Madzi amatsika m'ngalande kuchoka kunkhalango, kudutsa m'mudzi kumene amatenga manyowa, n'kumasefukira kuchoka m'munda wina kulowa m'unzake. Pogawana madzi ankagwiritsa ntchito mtengo wopingasa pangalande wosemedwa mipata yosiyana kukula, molingana ndi kukula kwa minda ya banja lililonse. Amalima mpunga wofiira ndi njati zoweta, ndipo m'madzi a m'mindamo amawetamo nsomba ndi abakha. Alendo amakonda kufika m'miyezi yozizira, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene minda yadzaza madzi koma mpunga sunawokedwe, ndipo phiri lonse limanyezimira dzuwa likamatuluka.

Minda ya Longji, m'boma la Longsheng ku Guangxi, inayamba kusemedwa m'nthawi ya mafumu a Yuan ndipo imalimidwa ndi anthu a mitundu ya Zhuang ndi Yao. Kumeneku madzi amadzaza cha m'Meyi, ndipo mpunga umacha kumapeto kwa Seputembala.

Vuto la malo onse awiriwa ndi limodzi. Kulima mpunga pa timinda topapatiza, pomwe thirakitala singafike, ndi ntchito yowawa yopindulitsa pang'ono, ndipo achinyamata ambiri amapita kukagwira ntchito m'mafakitale. Munda wamasitepe ukasiyidwa wouma, mizere yake yadothi imang'aluka ndipo mvula ikadza imagumuka. Mlendo amalipira kuti aone mundawo, koma ndalama yake ikathera kwa mwini hotelo ndi mwini basi, wolimayo alibe chifukwa chopitirizira. Pofuna kuthana ndi zimenezi, mudzi wa Dazhai ku Longji umagawira mabanja gawo la ndalama za matikiti chaka ndi chaka, ndipo kusamala munda ndi chimodzi mwa zoyenereza kulandira. M'mudzi wa Azheke ku Yuanyang, ndondomeko imene inayamba mu 2018 mothandizidwa ndi akatswiri a Sun Yat-sen University imapereka magawo 70 pa 100 alionse a phindu kwa eni mudzi. Banja limalandira zambiri ngati likusunga nyumba yake yachikale yofolera udzu, likulimabe munda wake, ndiponso likukhalabe m'mudzimo.

Yangshuo ndi malo ena

Dera la Yangshuo, kumwera kwa mzinda wa Guilin, lili ndi timapiri tosongoka ta miyala ya laimu tongoti njo pakati pa minda. Chithunzi cha kuseri kwa ndalama yapepala ya 20 yuan ndi cha mtsinje wa Li pafupi ndi Xingping, ndipo alendo amaima pamalopo atanyamula ndalamayo kuti ajambulitse. Kuno ndi kumene alendo akunja oyenda ndi zikwama kumsana anayamba kufika m'zaka za m'ma 1980. Anthu amayenda panjinga m'midzi kapena kukwera tizombo tansungwi pamtsinje wa Yulong. Usodzi wakale wogwiritsa ntchito mbalame zam'madzi zophunzitsidwa, zomwe amazimanga kachingwe pakhosi kuti zisameze nsomba zikuluzikulu, udakalipo, koma asodzi ambiri otsalawo amapeza ndalama pojambulidwa osati pogulitsa nsomba.

Ku Fujian kuli tulou, nyumba zikuluzikulu zozungulira kapena za ngodya zinayi, za zipupa zochindikala zadothi lotsendera, zomwe zambiri zinamangidwa ndi anthu a Hakka. Fuko lonse linkakhala m'nyumba imodzi ya nsanjika zingapo, yokhala ndi khomo limodzi ndi chitsime pabwalo lam'kati. Nyumba 46 zotere zinalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2008. Ku Wuyuan m'chigawo cha Jiangxi anthu amakhamukirako m'Malichi kukaona maluwa achikasu a mbewu ya repu yoyengera mafuta. Ku Guizhou kuli Xijiang, mudzi wa anthu a Miao wa mabanja oposa 1,000 okhala m'nyumba zamatabwa zomangidwa m'mbali mwa phiri.

Mbali ya boma

Boma la China limaona ntchitoyi ngati njira yochepetsera umphawi ndi yobwezera ndalama za m'mizinda kumudzi. Chitsanzo chimene limatchula kawirikawiri ndi mudzi wa Yucun m'boma la Anji ku Zhejiang, umene unatseka migodi ya miyala ndi fakitale ya simenti n'kuyamba kulandira alendo. Xi Jinping anayendera mudziwu mu Ogasiti 2005 ali mtsogoleri wa chipani m'chigawocho. Mu 2012 boma linayamba kulemba mndandanda wa midzi yachikale yoyenera kutetezedwa, mu 2015 linayambitsa ntchito yokonza zimbudzi m'malo okopa alendo, ndipo mu 2017 linalengeza ndondomeko yotsitsimutsa midzi. Mu 2021 bungwe la United Nations loona zokopa alendo linaika Yucun ndi Xidi pagulu loyamba la midzi imene linaipatsa ulemu.

Malo akumidzi ku China ndi a gulu la mudzi, ndipo munthu wa mumzinda saloledwa kugula malo a nyumba ya mlimi. N'chifukwa chake nyumba zambiri zogona alendo zotchedwa minsu, monga za ku Moganshan ku Zhejiang, ndi nyumba za alimi zimene amalonda ochokera kunja kwa mudzi anachita lendi n'kuzikonzanso. Mwini nyumba amalandira lendi, koma phindu lalikulu limapita kwa wokonzayo.

Zimene anthu amadandaula nazo

Dandaulo lofala ndi loti midzi yotchuka yayamba kufanana: misewu yodzaza timasitolo togulitsa zinthu zomwezomwezo, zovala zachikhalidwe zobwereketsa kwa ojambulitsa, ndi magule ovinidwa pa nthawi yolembedwa pa tikiti. M'mudzi wa Huangling ku Wuyuan, eni mudzi anasamutsidwira m'nyumba zatsopano m'munsi mwa phiri, ndipo kampani inakonza mudzi wakalewo kukhala malo oonera. Tsabola ndi chimanga zoyanikidwa m'malichero pamadenga, zomwe kale zinali ntchito ya nthawi yokolola, tsopano zimayanikidwa kuti alendo aone. Ku Xiapu ku Fujian anthu ena amalembedwa ganyu kuti ayende ndi njati pansi pa mitengo ikuluikulu, wina akufukiza utsi kuti uoneke ngati nkhungu. Sikuti eni midzi onse amaipidwa nazo. Kwa munthu amene wachoka m'nyumba yodontha n'kulowa m'nyumba ya madzi a m'mipope, kukongola kwa nyumba yakale si nkhani yoyamba.

Kayendedwe

Sitima zapamtunda zothamanga kwambiri zafupikitsa maulendo ambiri. Njanji ya Guiyang kupita ku Guangzhou, yotsegulidwa mu Disembala 2014, imadutsa ku Guilin, ndipo ya Hefei kupita ku Fuzhou, yotsegulidwa mu 2015, imaima ku Huangshan ndi ku Wuyuan. Kuchoka pasiteshoni munthu amakwera basi kapena galimoto yahayala kukafika kumudzi. Malipiro ambiri, ngakhale kwa mayi wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, amachitika pafoni kudzera pa WeChat Pay kapena Alipay. Kumidzi olankhula Chingerezi ndi ochepa, ndipo okalamba ena amalankhula chinenero cha kwawo chokha osati Chimandarini. Lamulo limafuna kuti mlendo wakunja alembetse kumene wagona: hotelo imamulembetsa yokha, koma wogona pakhomo pa munthu ayenera kulembetsedwa kupolisi pasanathe maola 24. Kupita kumidzi ya ku Tibet kumafuna chilolezo chapadera. Pa tchuthi cha kumayambiriro kwa Meyi ndi cha sabata yoyamba ya Okutobala mitengo ya malo ogona imakwera, matikiti a sitima amatha msanga, ndipo m'tinjira ta Hongcun anthu amayenda mokankhana.