Asilikali a Keyala ndi sitima ya Guendolen, 1919–1939

Keyala ndi dzina limene anthu a m'Nyasaland anapatsa gulu lankhondo la King's African Rifles, lomwe Angerezi analikhazikitsa mu 1902. Pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, mphamvu zankhondo za dziko lino zinali mabataliyoni awiri a Keyala ndi sitima imodzi yokalamba panyanja. Ngakhale gululi linali laling'ono chotero, midzi yozungulira Mulanje Mission inalidziwa bwino, pakuti ana ake ankalowamo.

Nkhondo ya 1914–1918, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza ija, inatenga amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino ngati asilikali, ndi ena pafupifupi 200,000 ngati amtengatenga. Kwa anthu a ku Mulanje, nkhondoyi inafika pakhomo. John Chilembwe, amene analemba kalata yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo ya eni, anaphedwa mu February 1915 m'dera la Mulanje, akulowera kumalire a Mozambique. Mu 1918 Mjeremani Paul von Lettow-Vorbeck anayendayenda ndi gulu lake m'dziko la Alomwe kuseri kwa phiri, ndipo kumapeto kwa August anakumana ndi Keyala pa Lioma. Chaka chomwecho Robert Napier, mmishonale wa Blantyre Mission, kholo la mishoni ya Mulanje, anaphedwa kutsidya komweko akugwira ntchito ya asilikali. Otsala anabwerera kumudzi ataonda, nthenda ya fuluwenza ili pambuyo pawo.

Mtendere utabwera, boma linachepetsa Keyala kuchoka pa mabataliyoni 22 kufika pa asanu ndi limodzi m'maiko onse a kum'mawa kwa Afirika. Bataliyoni yoyamba inakhala pa kampu ya Zomba, pomwe nsanja yokumbukira asilikali akufa inamangidwa m'zaka za m'ma 1920. Yachiwiri inkalemba anthu kuno koma n'kumalondera Tanganyika, dziko lolandidwa kwa Ajeremani. Choncho mnyamata wa ku Mulanje ankatha zaka ku Tabora osaliona phiri lakwawo. Mu 1929 mabataliyoni awiriwa anawaphatikiza ndi yachisanu ndi chimodzi ya ku Tanganyika kukhala Southern Brigade.

Akuluakulu achizungu anali ndi chikhulupiriro chakuti mitundu ina inabadwira nkhondo. Poyamba ankafuna Ayao, kenaka maso awo anatembenukira kwa Alomwe, amene ankalowa mwaunyinji ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Kunena zoona, chimene chinkakokera anyamatawa ku Zomba sichinali magazi koma umphawi. Munthu wopanda munda wakewake, wokhala m'malo a mzungu, wolima thangata kapena kuthyola tiyi kuti apeze ndalama ya msonkho, ankaona kuti msilikali amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, amadya phoso la boma ndipo wamsonkho samuvutitsa. Amene anaphunzirako kusukulu ya mishoni anali ndi mwayi wina: kudziwa kulemba kunkamutsegulira ntchito ya ukalaliki, yotumiza mauthenga kapena yothandiza m'chipatala cha asilikali.

Pa perete msilikali ankaoneka bwino zedi: malaya ndi kabudula zakhaki zositidwa mpaka kuuma, nsalu zokulunga m'miyendo, mfuti ya .303 paphewa, ndi chisoti chachitali chakuda kumutu, pamene anzawo a ku Kenya ndi Uganda ankavala chofiira. Chinyanja ndicho chinali chilankhulo cha m'kampu, ndipo bwana aliyense wobwera kuchokera ku Britain ankayenera kuchiphunzira. Koma denga linali lotsika. Mwafirika, kaya anamenya nkhondo zaka zingati, ankathera pa usajeni meja. Kamnyamata kachizungu kongofika kumene kankalandira sawatcha kwa mkulu wa imvi yemwe anakaphunzitsa kuyenda m'tchire. Chikoti nacho chinali chilango chololedwa mpaka 1946.

Kunja, maiko akuluakulu ankakangana za kuchuluka kwa asilikali ndi sitima. Pangano la Versailles la 1919 linalola Germany kukhala ndi asilikali 100,000 okha, ndipo la Washington la 1922 linaika muyeso wa sitima zikuluzikulu za Britain, America ndi Japan pa 5:5:3. Nyasaland inali ndi Guendolen basi. Sitimayi inayamba kuyenda mu 1899, ndipo inatchuka pa 13 August 1914 pamene Kaputeni Rhoades anaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli. Mdani atachoka panyanja, Guendolen inasanduka yonyamula anthu ndi katundu wa boma mpaka cha mu 1940. Mfuti yake ikadalipo ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Kumidzi, usilikali unalowa m'magule. Beni kum'mwera, mganda pakati, malipenga kumpoto ndi m'mbali mwa nyanja: ovina ankavala ngati asilikali, kuguba pamzere ndi kupatsana maudindo a ukaputeni ndi usajeni. M'bwalo la gule mwana wa m'mudzi ankakwera kufika pamene Keyala inamuletsa.

Italy italowa mu Ethiopia mu October 1935, Angerezi anazindikira kuti kagulu kawo n'kochepa, ndipo anayamba kukonzekera. Nkhondo itabuka mu 1939, olemba asilikali anabwereranso ku Mulanje. Pofika July 1940 asilikali a bataliyoni yoyamba anali akuwombana ndi Ataliyana pa Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo mwezi wotsatira a bataliyoni yachiwiri anamenya nkhondo ya Tug Argan ku Somaliland.