MBIRI YA NDALAMA KWATHU KUNO NDI ZOTI TIPHUNZITSE ANA ATHU



Tsiku la Idi tikangotuluka ku swala, ana athu amayamba ulendo wao wa khomo ndi khomo kukapereka moni kwa agogo, azakhali ndi amalume. Pobwerera madzulo aliyense amakhala ali ndi kangachepe m'thumba, wina K200, wina K500, wamwayi mwina mpaka K2,000. Tsono funso limene ife a komiti ya mzikiti tati tifunsane m'kabuku ka chaka chino ndi ili: kodi kukacha mawa lake ndalama ija imakhala ili kuti? Yankho tonse tikulidziwa. Yathera pa zigege, maswiti ndi zibaluni, ndipo kwa anyamata osinkhukirapo yapita kobetchera mpira pafoni.

Ana sitingawadzudzule, pakuti mwana amachita zomwe waona pakhomo. N'chifukwa chake taganiza zoti tiyambe tabwerera m'mbuyo, tione m'mene ndalama idafikira kwathu kuno, ndi m'mene makolo athu ankaphunzitsira ana awo kusamala chuma.

NTHAWI YA NSALU, MIKANDA NDI MCHERE

M'zaka za m'ma 1800 makolo athu sankagwiritsa ntchito ndalama yachitsulo kapena yapepala. Malonda adali osinthana. Nsalu yoyera ya merekani ankaiyeza ndi mikono, ndipo pamodzi ndi mikanda, makasu, nsomba zouma ndi mchere wophikidwa kuchokera ku dothi la m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndiyo idali ngati ndalama. Amalonda a Chiyao ankayenda maulendo a miyezi kupita kugombe la nyanja yamchere, ku Quelimane ndi ku Kilwa, ndipo pobwerera adabwera ndi nsalu, mfuti, zilembo za Chiarabu komanso Chisilamu chimene tili nachochi. Akatswiri ambiri a zilankhulo amati ngakhale liwu loti "ndalama" lidachokera ku dirham, ndalama ya Aarabu.

Koma tisabisane. M'malonda amenewa mudalinso minyanga ya njovu ndi akapolo. Njira imodzi ya akapolo inkadutsa pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, ndipo Angerezi adamangapo linga la Fort Lister m'chaka cha 1893 pofuna kuitseka. Ana athu ayenera kuimva mbiri imeneyi kuchokera kwa ife eni, kuti adziwe kuti si phindu lililonse limene lili halali.

Nanga mwana wa nthawi imeneyo kusunga ankakuphunzira kuti? Ankakuphunzira pa nkhokwe. Ankaona amayi ake akupachika chimanga cha mbewu kudenga, pamwamba pa moto, kuti utsi uchiteteze ku anankafumbwe. Njala ikavuta chotani, mbewu ija sankaikhudza. Mwana akafika posinkhuka, amalume ake ankampatsa nkhuku yaikazi kuti ikhale yake. Ikaswa n'kuchulukana ankasinthitsa ndi mbuzi. Akaidya msanga, basi, chuma chake chathera pompo.

MSONKHO NDI THANGATA

Dziko lino lidakhala pansi pa Angerezi m'chaka cha 1891, ndipo posakhalitsa kudabwera msonkho wa nyumba wa mashileni 3 pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkhowu adaukweza kufika mashileni 6, koma munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka lokha. Cholinga chidali choonekeratu: anthu apite kukagwira ntchito m'minda ya azungu, monga ya tiyi ya ku Mulanje. Nthawi yomweyo abale athu a Chilomwe ankalowa m'dziko muno ambirimbiri kuthawa ntchito yakalavulagaga ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Ambiri adakhala pa malo a maesiteti, ndipo lendi yake idali thangata.

Choncho ndalama idafika kwathu kuno ngati ngongole. Munthu asanaigwire n'komwe, boma lidali litayamba kale kuifuna. Ana nawonso ankapita kuminda ija kukapalira ndi kuthyola masamba, ndipo kangachepe kamene ankalandira kankathera m'manja mwa bambo kuti akadule msonkho.

Achikulire pakati pathu akuzikumbukira ndalama za nthawi ya atsamunda: kobiri la bowo pakati, tiki, sikisi, shileni, hafukoloni ndi paundi. Makobiri 12 ankapanga shileni, mashileni 20 ankapanga paundi. Mwana amene ankadziwa kuwerengera chenji cha ndalama zimenezi masamu ankawadziwa ndithu! Amayi ankamanga makobiri pa mfundo ya nsalu, abambo ankaika m'chitini n'kukwirira pansi m'nyumba. Ndalama zamapepala zikakhalitsa m'menemo chiswe chinkachita nazo phwando.

Pali chinanso chokhudza ife Asilamu. Sukulu zambiri za nthawi imeneyo zidali za mishoni, ndipo makolo ambiri sankatumizako ana poopa kuti akasiya chipembedzo. Zotsatira zake, ntchito za ukalaliki ndi uphunzitsi zidatipitirira. Ambiri mwa makolo athu adalowa utelala, malonda a nsomba, kupha nyama ndi kukhala pamsika. Sukulu ya ndalama ya mwana wa Chisilamu idali pakhonde la sitolo, pambali pa makina osokera a bambo ake. Pamenepo ankamva kutsatsa, kunenerera, kukongoza ndi kulonjerera ngongole. Ankadziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu, ndiponso kuti wodya mpamba mawa sapita kumsika.

MASIKU A WENELA

Kwa zaka zambiri anyamata a dziko lino ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ena ku Rhodesia. Pa mgwirizano wa Wenela, gawo lina la malipiro ankalisunga, munthu n'kudzalilandira atabwerera kumudzi. Kudali kusunga kokakamiza, koma kudamanga nyumba zamalata zambiri. Wina ankabwera ndi njinga, wailesi ndi makina a Singer, n'kukhala telala moyo wake wonse. Mnzake wobwera naye tsiku limodzi, ndalama zofanana, ankatha mwezi akudyetsa mudzi wonse ndi kuonetsa suti, kenaka n'kukalembetsanso ulendo wina alibe ndi nkhuku yomwe. Enanso sadabwerere konse, adasanduka matchona.

Mu April 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 adafera pomwepo. Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu a kumigodi. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma idatheratu mu 1988. Mabanja amene ankangodalira ndalama za ku Joni adaona mdima. Lero ana athu akupitabe ku Joni pabasi, koma kulibenso wowasungira gawo la malipiro. Ngati sadaphunzire kusunga ali pakhomo pano, kumeneko akakuphunzira kwa yani?

KWACHA NDI TAMBALA

Titalandira ufulu mu 1964 tidayamba tagwiritsa ntchito paundi ya Malawi. Kwacha ndi tambala zidabwera mu February 1971. Paundi imodzi idasinthidwa ndi K2, ndipo shileni idasanduka 10 tambala. Achinyamata mwina simukhulupirira, koma nthawi imeneyo K1 inkaposa dola imodzi ya ku America. Chaka chomwecho ndi chimene ADMARC idakhazikitsidwa. Mlimi akagulitsa mbewu zake ankatha kukaika ndalama ku positi ofesi, n'kumulembera m'kabuku ka Post Office Savings Bank. Banki imeneyi idasanduka Malawi Savings Bank mu 1994, ndipo boma lidaigulitsa mu 2015.

Kufikira 1994, pamene boma la Dr Bakili Muluzi lidachotsa fizi ya sukulu za pulayimale, mwana ankadziwa mtengo wa maphunziro ake. Ambiri a ife tidagulitsapo nkhuku, tidapitapo kuganyu kapena kuotcha chimanga pamsewu kuti tipeze fizi ndi yunifolomu. Zidali zowawa, sitikufuna zibwerere ayi. Koma pensulo sitinkaitaya wamba.

Kuchokera pamenepo kwacha yakhala ikutsika. Mu February 1994 boma lidaisiya kuti mtengo wake uziyendera msika, ndipo zinthu zidakwera mitengo koopsa. Mu May 2012 dola idachoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Mu May 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700 kubanki. Ndalama zamapepala nazo zikuchitira umboni: ya K1,000 idatuluka mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022. Tambala ana a lero amangomumvera m'kalasi. Apa ndiye kuti njira ya agogo yokwirira ndalama m'chitini idatha ntchito. Chiswe cha masiku ano sichiboola pepala, chimadya mphamvu yake. Ndalama yogula mbuzi chaka chino, ukaisunga zaka zitatu pansi pa mphasa, mwina idzagula nkhuku.

MASOKA AMENE TAONA NDI MASO

Ife a m'munsi mwa Michesi chakudza sichiimba ng'oma timachidziwa bwino. Napolo wa mu March 1991 adapha anthu mazanamazana kuno ku Phalombe, nthawi imeneyo tikadali pansi pa boma la Mulanje. Nyanja ya Chilwa idauma mu 1995 ndi mu 2018, ndipo a malonda a matemba adasowa kolowera. Mu 2017 dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo wake kuno udagwa pansi, alimi n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Ndiye padabwera namondwe wa Freddy mu March 2023. Anthu oposa 1,000 m'dziko muno adamwalira kapena kusowa, ndipo Phalombe lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Allah awachitire chifundo abale athu onse amene adatisiya.

Madzi aja adatenga nyumba, nkhokwe, mbuzi ndi ndalama zomwe zidali m'matilesi, zonse tsiku limodzi. Amene adali ndi kangachepe pafoni kapena kubanki adapeza poyambira. Ena ambiri adakagwa m'manja mwa akatapila, kukongola K10,000 kuti pakutha mwezi abweze K15,000, mpaka ena kupinyolitsa munda. Kusunga chuma chonse malo amodzi, kapena kudalira mbewu imodzi, n'kudziika pa mpeni.

Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo zatithandiza kwambiri ife okhala kutali ndi mabanki. Koma foni yomweyo ndi imene yabweretsa juga m'thumba la mwana. Kale wotchova juga ankabisala kuthengo. Lero amatchova ali chikhalire pakhonde, ife makolo n'kumati akucheza ndi anzake.

TSONO TICHITE CHIYANI?

M'mera mpoyamba. Tikupempha kuti usiku wa lero, mpunga ndi nyama zikatha, bambo ndi mayi mukhale pansi ndi ana, aliyense atulutse zomwe walandira, awerenge yekha. Kenaka mum'thandize kugawa patatu: ya sadaka, yosunga, ndi yoti asangalale nayo. Yachitatuyi musam'lande, Idi ndi tsiku la chisangalalo. Ya sadaka akapereke ndi dzanja lake kwa amene wasankha yekha.

Yosungayo isagone m'chitini. Akaphatikiza ndi ya abale ake igule nkhuku, monga ankachitira amalume akale, kapena mbewu ya kadimba kake. Wamkulupo mungamuikire ina pafoni yanu, iye akuona. Mugulireni kope loti azilembamo zolowa ndi zotuluka. Kumbukirani kuti ndime yaitali koposa m'Qur'an yonse, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni.

Ife makolo tili ndi mlandu umodzi umene tiyenera kuuvomera. Timati, "Bweretsa kuno mwanawe ndikusungire," kenaka tagulira mchere ndi sopo, osabweza. Mwana wotere amaphunzira kuti ndalama ukapatsidwa idyeretu asanakulande. Mukabwereka kwa mwana, lembani m'kope lake lija ndipo mubweze pa tsiku limene mwalonjeza. Mukam'tuma kumsika, muuzeni mitengo, ndipo chenji abweze chonse ngakhale ndi K50.

Poyeza Zakaatul Fitr chaka chamawa, Inshaallah, mwana akhalepo, agwire nawo mbale, anyamule nawo thumba. Wosinkhuka muphunzitseni kuwerengera zakaati: chuma chikakwana mlingo wake n'kutha chaka, pa K100,000 iliyonse pamachoka K2,500. Muuzeni poyera chifukwa chake riba ndi juga zili haramu, ndipo muonetseni mabanja amene katapila wawasaukitsa, popanda kutchula maina. Amayi amene muli m'magulu a banki m'khonde, kambiranani ndi a Shehe za njira yosungira ndi kubwerekana popanda chiwongoladzanja.

Ndipo zonsezi zisakhale za anyamata okha. Mayi Khadija, mkazi wa Mtumiki (SAW), adali wamalonda wodziwika mu Makka, wolemba anthu ntchito. Mtsikana wodziwa kupeza ndi kusunga yake sanyengedwa ndi K1,000 ya munthu wa panjira.

Makolo athu adalibe mabanki, ambiri sadapite kusukulu, komabe mbewu ya kudenga sadaidye, ndipo ndi chifukwa chake ife tilipo lero. Tiyeni nafe tisiyire ana athu khalidwe limeneli.

Tikufunirani nonse Idi yabwino. Allah alandire kusala kwathu ndi sadaka zathu, ndipo aike madalitso m'manja mwa ana athu. Ameen.

Komiti ya Mzikiti