Za Nimis, Nsanja ya Mitengo Yotayika

Liu lakuti "Nimis" ndi la Cilatini, ndipo m'cinenero cathu tingati "kupyola muyeso." Ndilo dzina la nsanja ya mitengo yotayika imene inamangidwa m'mbali mwa nyanja pa Kullaberg, kumwera kwa dziko la Sweden. Mbiri yace itiphunzitsa kusiyanitsa mwini mtengo ndi mwini nthaka.

M'caka ca 1980 mmisiri wina, dzina lace Lars Vilks, anayamba kutola matabwa ndi zipika zimene mafunde anazilavula pagombe, nazikhomera pamodzi ndi misomali. Sanamanga nyumba yogonamo ai, koma nsanja zazitali, makwerero ndi tinjira tokhotakhota, kuti anthu akwerepo ndi kupenya. Popeza malowo ali patsinde pa matanthwe, kobvuta kufikako, akuru a boma sanadziwa kanthu kufikira 1982.

Pamenepo mlandu unabuka. Kullaberg ndi dziko losungika, kumene lamulo liletsa kumanga ciri conse. Aboma anati cimeneci ndi cimango, cigwetsedwe. Vilks anakana, nati ndi nchito ya luso. Pofuna kucichinjiriza anacigulitsa mu 1984 kwa Joseph Beuys, mmisiri womveka wa ku Germany. Ndipo atamwalira iyeyo mu 1986, anacigula Christo ndi Jeanne-Claude. Koma makolo anati mlandu suola. Atatopa ndi mabwalo a milandu, mu 1996 Vilks analengeza kuti kadera kameneko ndi dziko pa lokha, nalicha Ladonia, cinkana palibe boma linabvomereza.

Cimene analephera oweruza anaciyesa moto: mu November 2016 gawo lina la Nimis linapsa. Vilks mwini anafa pa ngozi ya galimoto mu 2021, nsanja yace iri ciimire, patapita zaka 41 ciyambire nchitoyo.

Tsono ife aphunzitsi titolepo ziwiri. Coyamba, thabwa lotayika si cinyalala m'manja mwa waluso. Tisanyoze mwana amene asema zidutswa za kwa kalipentala. Caciwiri, mtengo wotola ulibe mwini, koma nthaka iri naye. Kwathu mlendo samanga ngakhale nkhokwe asanapemphe malo kwa mfumu. Tiphunzitse ana zonse ziwiri: dzanja la kupanga, ndi pakamwa pa kupempha.