Mmene Madokotala Anaphunzirira Kuyeza Kuiŵala

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro lathu la mbiri lero likunena za chinthu chovuta kuchiika pa sikelo. Kutentha kwa thupi namwino amakuyeza ndi kachipangizo ka m'khwapa; kulemera kwa chimanga timakuona pa sikelo ya ku depoti. Nanga kuiŵala munthu angakuyeze bwanji?

Mayi wa m'dera la Mfumu Nyalugwe, m'boma la Nyimba, akapezeka ndi khansa ya m'maŵere, kaŵirikaŵiri ulendo wake umatsata mseu wa Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa, mpaka ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007. Kumeneko ambiri amalandira mankhwala amphamvu otchedwa chemotherapy. Mu 1976 dokotala wa ku Milan, Gianni Bonadonna, anasonyeza kuti kupereka mankhwalaŵa pambuyo pa opaleshoni kumachepetsa kubwereranso kwa matenda. Amayi ambiri anayamba kupulumuka, ndipo opulumukawo ndiwo anadza ndi dandaulo latsopano: mawu kuthaŵa pakamwa nkhani ili mkati, kuloŵa m'nyumba n'kuiŵala chimene adzera, m'mutu kukhala ngati mwagwa nkhungu.

Kwa zaka zambiri madokotala sanalabadire kwenikweni. Ankati n'kutopa chabe kapena nkhaŵa. Mu 1998 akatswiri a ku Amsterdam anapatsa amayi otere mayeso a kukumbukira ndi kuganiza, napeza kuti ena analidi ndi vuto, makamaka amene analandira mankhwala ochuluka. Komabe panatsala chodabwitsa. Mayi ankatha kukhoza mayeso onse m'chipinda cha zii cha dokotala, koma kunyumba, mwana akulira, mphika uli pamoto, zinthu n'kumamsokonekera. Mayesowo sankagwira zonse.

Choncho Lynne Wagner ndi anzake a ku Northwestern University ku America anakonza mafunso 37 otchedwa FACT-Cog, kuti mwini mutu adzinenere yekha. Amafunsidwa za masiku 7 apitawo: waiŵala kangati, anthu ena amuuza zotani za kuiŵala kwakeko, ndiponso ngati vutolo lamsokoneza pa ntchito ndi pa moyo wake. Yankho lililonse lili ndi malikisi ake, ndipo amawaphatikiza monga muchitira inu aphunzitsi pakutha kwa teremu. Mu 2017 Michelle Janelsins wa ku University of Rochester anafalitsa zimene anapeza atafunsa amayi 581 odwala khansayi: pafupifupi 45 mwa 100 alionse ananena kuti maganizo awo anafooka atamaliza mankhwala, pamene mwa amayi osadwala anali 10 okha. Lero n'zodziŵika kuti mankhwala, kusoŵa tulo, kutopa ndi nkhaŵa zonse zimathandizira vutoli, ndipo kwa ambiri limachepa pang'onopang'ono. Si misala, ndiponso si ufiti.

Koma mafunsoŵa analembedwa m'Chingerezi, poganizira moyo wa kutali ndi chigwa cha Luangwa. Ine ndiona kuti kungotembenuza mawu sikukwanira. Mayi wa kwa Nyalugwe angayankhe bwino atafunsidwa ngati wathira mchere kaŵiri m'ndiwo, kapena ngati wasokoneza chenji pogulitsa nthochi ku Nyimba.

Aphunzitsi, ana alembe mafunso atatu otere m'Chinsenga kapena m'Chinyanja, funso lililonse likhale ndi mayankho asanu, kuyambira “sizinachitike” mpaka “kangapo pa tsiku”.