Masamba a bonsai wa maple akapiringizika ndi kuda: momwe vuto limadziwikira

Mtengo wa maple wa bonsai umatenga zaka zambiri kuti ufike pokongola, koma masabata awiri okha ndi okwanira kuti masamba ake apiringizike, ade n'kuthothoka. Nthawi zambiri vuto limakula chifukwa cha phuma la wosamalira mtengowo. Akaona masamba akufota amathira madzi ambiri, feteleza ndi mankhwala asanadziwe chomwe chavuta, ndipo kamtengo kamene kakanachira kamafera pomwepo.

Bonsai ndi luso la ku Japan lolera mitengo m'miphika yosaya kuti ikhale yaing'ono koma yooneka ngati mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango. Lusoli lidachokera ku mwambo wa ku China wotchedwa penjing. Mitundu iwiri ya maple yomwe imakondedwa kwambiri ndi Acer palmatum, womera ku Japan, Korea ndi China, komanso Acer buergerianum wa masamba a nsonga zitatu, wochokera ku China ndi Taiwan. Masamba a mitengoyi ndi opyapyala, ndipo mizu yake imakhala m'dothi lochepa, choncho vuto lililonse limaonekera msanga pa masamba. Amalawi ogwira ntchito za m'minda ya maluwa ku South Africa amakumana nayo mitengoyi, ndipo ina imakhala ya mtengo wapatali.

Mafunso oyamba

Asanagwire mankhwala, wosamalira mtengo amafunika kuyankha mafunso anayi. Kodi vutoli layamba usiku umodzi kapena pang'onopang'ono? Kodi lagwira mtengo wonse kapena nthambi imodzi? Kodi kudako kwayambira m'mphepete mwa tsamba, m'mitsempha yake kapena pansonga ya mphukira? Nanga dothi ndi louma kapena lonyowa? Mayankho a mafunsowa amalekanitsa mavuto a nyengo ndi kasamalidwe ku matenda enieni.

Dzuwa, mphepo ndi chisanu

Vuto lofala kwambiri ndi kupsa kwa masamba. Dzuwa la masana ndi mphepo youma zimachotsa madzi m'masamba mwachangu kuposa momwe mizu ingawabwezerere. M'mphepete ndi nsonga za masamba zimauma, zimasanduka zofiirira, zimapiringizika ndipo zimafumbutuka zikagwidwa. Mbali yoyang'ana dzuwa kapena mphepo ndiyo imapsa kwambiri. Mtengo wotere umafunika kuikidwa pamalo pofika dzuwa la m'mawa lokha, potetezeka ku mphepo.

Chisanu chimasiya zizindikiro zina. Masamba anthete omwe dzulo lake anali abwino amapezeka m'mawa atalefuka, atada ngati ophikidwa. Izi zimachitika pamene mtengo wangophuka kumene: cha mu Marichi ndi Epulo ku Japan ndi ku Britain, kapena mu Ogasiti ndi Seputembala kumadera okwera a South Africa monga Johannesburg. Masamba akudawo sachira, koma mtengo wamphamvu umaphukanso.

Komabe, kuthawitsira mtengo m'nyumba mpaka kalekale ndi kulakwitsa. Maple ndi mtengo wa panja umene umayoyola masamba ndi kupuma m'nyengo yozizira. Ukasowa mpumulo umenewu umafooka chaka ndi chaka.

Madzi ndi mizu

Mizu imafuna mpweya. Dothi likakhala lonyowa nthawi zonse, timizu ting'onoting'ono timafa, ndipo tizilombo toolesa mizu monga Phytophthora ndi Pythium timapeza mpata. Chosokoneza n'chakuti mtengo wa mizu yoola umaoneka ngati wa ludzu: masamba amafota, nsonga zake zimada, ngakhale dothi lili chinyowere. Wosamalira akawonjezera madzi, amangofulumizitsa imfa yake.

Njira yosavuta yoyesera ndi kubaya kamtengo kouma m'dothi kwa mphindi zingapo. Kakatuluka konyowa, nthawi yothirira sinakwane. Ngati kukayika kukupitirira, mtengo umatukulidwa pang'ono mumphika kuti mizu ioneke. Mizu yathanzi imakhala yolimba ndi yoyera kunsonga, pamene yoola imakhala yakuda, yofewa, yonunkha, ndipo khungu lake limasupuka likakokedwa. Pofuna kupewa zimenezi, alimi a bonsai amagwiritsa ntchito dothi la timibulu monga akadama wa ku Japan wosakaniza ndi timiyala topepuka ta pumice, m'miphika ya mabowo otulutsa madzi.

Feteleza wochuluka nayenso amawotcha mizu, ndipo m'mphepete mwa masamba mumada patangopita masiku ochepa chithirireni. Apa mankhwala ake ndi kutsuka dothi ndi madzi ambiri oyera mpaka atuluke pansi pa mphika. Mtengo wodwala kapena wongookedwa kumene suyenera kupatsidwa feteleza mpaka utayamba kuphuka bwino.

Nsabwe za zomera

Masamba atsopano akamapindikira pansi n'kukhwinyata, pamafunika kuyang'ana kunsi kwake. Nsabwe za zomera zimayamwa madzi a mphukira zanthete, n'kumatulutsa timadzi tonata totsekemera. Pa timadzito pamamera nkhungu yakuda yooneka ngati mwaye. Kuda kwa mtundu umenewu kumachoka kukapukutidwa ndi chala chonyowa, ndipo tsamba limakhala lobiriwira pansi pake. Nyerere zokwera ndi kutsika pa thunthu ndi chizindikiro china, chifukwa zimatsata timadzi totsekemerato. Nsabwe zikakhala zochepa zimachoka ndi madzi opopera mwamphamvu kapena sopo wophera tizilombo, amene amapoperedwa madzulo dzuwa litazizira kuti masamba asapse.

Matenda a fangasi ndi bakiteriya

Matenda a anthracnose amabwera m'nyengo yozizirira ya mvula pamene masamba akuphuka. Amasiya zigamba zakuda kapena zofiirira zosalongosoka zomwe zimatsata mitsempha ya tsamba, ndipo tsambalo limapotoka. Fangasi woyambitsa matendawa amakhalira m'masamba ogwa ndi m'tinthambi takufa, choncho kutola ndi kutaya zinyalalazi n'kofunika kwambiri. Kuthirira dothi mosanyowetsa masamba komanso kusiya mpata pakati pa miphika kuti mpweya uziyenda kumachepetsa kufala kwake.

Bakiteriya wotchedwa Pseudomonas syringae amadetsa nsonga za mphukira ndi mitsempha ya masamba, ndipo kudako kumatsikira m'khungwa la nthambi. Amalowera m'mabala obwera ndi chisanu kapena kudulira mtengo kukunyowa. Nthambi yogwidwa imadulidwa pansi pa malo akudawo, pa mtengo wathanzi, tsiku lopanda mvula. Mankhwala okhala ndi kopa amathandiza kuteteza, koma sabwezeretsa mbali yomwe yafa.

Madontho akuda otukuka, owala ngati phula, amayamba ndi fangasi wa Rhytisma. Amaoneka oopsa koma kawirikawiri savulaza mtengo kwenikweni, ndipo kutaya masamba ogwa kumakwanira.

Matenda oopsa kuposa onse

Verticillium wilt ndi matenda amene alimi a maple amawaopa kwambiri. Fangasi wa Verticillium dahliae amakhala m'dothi, amalowera kumizu n'kutseka njira zoyendamo madzi mkati mwa mtengo. Chizindikiro chake ndi nthambi imodzi kapena mbali imodzi ya mtengo kufota mwadzidzidzi pamene mbali inayo ili bwinobwino. Khungwa la nthambi yodwalayo likasendedwa, nthawi zambiri pamaoneka timizere tobiriwira modera kapena tofiirira. Timizereti sitioneka nthawi zonse, ndipo chitsimikizo chenicheni chimachokera ku labotale yoyeza matenda a zomera.

Matendawa alibe mankhwala ochiza, ndipo fangasiyo amatha kukhala m'dothi zaka zoposa 10. Mtengo wokayikitsa umapatulidwa kwa inzake, dothi lake silibwezeredwa mumphika wina kapena pa kompositi, ndipo mphikawo umatsukidwa bwino lomwe. Popeza fangasi yemweyu amagwiranso mbatatesi ndi tomato, dothi la m'dimba la mbewuzi siloyenera bonsai.

Zoyenera kuchita vuto likaoneka

Choyamba ndi kusamutsira mtengo pamthunzi wowala, potetezeka ku mphepo komanso patali ndi mitengo ina. Feteleza amaimitsidwa, ndipo madzi amathiridwa pokhapokha pamwamba pa dothi payamba kuuma. Masamba ndi nthambi zakufa zimachotsedwa ndi sizasi yopukutidwa ndi spiriti wa 70 peresenti pakatha kudula kulikonse. Kusintha dothi kumadikira kumayambiriro kwa nyengo yophukira pamene maso a mtengo akufufuma, kupatula ngati mizu yaola ndithu.

Ngakhale masamba onse atathothoka, mtengo usatayidwe msanga. Kukanda pang'ono khungwa ndi chikhadabo kumaulula zoona zake: pansi pake pakakhala pobiriwira ndi ponyowa, nthambiyo ili moyo, ndipo maple wosamalidwa modekha amatha kutulutsa masamba atsopano m'masabata angapo.